Pulofesa wa Chilatini kukhalanso bwana wa laibulale? Nkhani ya a Heyne a ku Göttingen

Funso la lero lachokera kwa achemwali ena omwe akuchita maphunziro a za malaibulale. Akuti m'manotsi mwawo muli dzina la Christian Gottlob Heyne ngati mmodzi mwa anthu amene anaumba laibulale ya payunivesite momwe tikuidziwira leromu, koma atafufuza apeza kuti munthuyo anali pulofesa wa Chigiriki ndi Chilatini. Ndiye akufunsa kuti zikugwirizana bwanji, munthu wa zilankhulo zoti palibenso amayankhula n'kumayendetsa laibulale, kodi sanangomupatsa mpandowo pomulemekeza basi? Nanga chenicheni chimene anasiya ndi chiyani?

Achemwali, ayi ndithu, sunali mpando waulemu. M'mayunivesite ambiri a nthawi imeneyo zinalidi choncho, pulofesa wina amangopatsidwa makiyi ndi kandalama kapamwamba, laibulale n'kumatsegulidwa maola ochepa pa sabata, mabuku ambiri kukhala mphatso za anthu omwalira. Koma a Heyne anali osiyana ndipo ine ndimaona kuti chinawasiyanitsa ndi ichi: iwowo anali owerenga amene anazunzikapo kwambiri ndi kusowa buku, ndiye atapatsidwa laibulale anaiyendetsa ngati munthu amene akudziwa zimene wowerenga amafuna. Kuti mumvetse zimenezi tiyambe ndi kumene anachokera, chifukwa kumeneko ndi komwe kuli nkhani.

Anabadwa pa 25 September 1729 ku Chemnitz, m'chigawo cha Saxony ku Germany. Bambo awo anali owomba nsalu, osauka zenizeni, moti iwo eni anadzalemba atakula kuti chinthu choyamba chimene amakumbukira ndi misozi ya mayi awo posowa chodyetsa ana, ndipo Loweruka madzulo nsalu zikalephera kugulidwa pakhomo pamakhala maliro. Chilatini anachiyamba chifukwa bambo wina wophika buledi, amene anawaimira pa ubatizo, anavomera kumalipira kandalama kakang'ono sabata iliyonse. Kenako m'busa wina, nayenso wowaimira pa ubatizo, anawalipirira sukulu yokulirapo koma thandizo lake linali lonyinyirika, mabuku ambiri mwanayo amachita kubwereka kwa anzake n'kumakopera pamanja. Gwirani mfundo imeneyo, munthu amene anaphunzira pokopera mabuku a eni.

Mu 1748 anapita ku yunivesite ya Leipzig, m'thumba mulibe kanthu. M'busa uja ndalama amatumiza mochedwa kapena osatumiza n'komwe. Masiku ena amagona ndi njala, ndipo panali nthawi ya miyezi 6 imene amagona usiku uwiri wokha pa sabata, kwinako kuwerenga basi, mpaka thupi linakana anadwala. Sindikukuuzani kuti mutengere zimenezo ayi, thupi silinamizidwa, ndikungofuna muone mtundu wa ludzu limene anali nalo.

Ndiye panachitika zoti analemba ndakatulo yachilatini yolira m'busa wina amene anamwalira, ndakatuloyo inakafika m'manja mwa Count von Brühl, nduna yaikulu ya Saxony, munthu wa chuma chosaneneka komanso mwini laibulale yaikulu ku Dresden. Bwanayo ananena kuti akufuna kuona mlembi wake. Anzawo onse anati mwawina, pitani. Anakongola ndalama yogulira zovala, mu 1752 ulendo wa ku Dresden, kukafika uko analandiridwa ndi malonjezo okhaokha. Ntchito osaoneka. Anafika pogulitsa mabuku awo, kugona pansi m'chipinda cha mnzawo atatsamira mabuku akuluakulu m'malo mwa pilo, ndipo masiku ena chakudya chake kunali kutola makoko a nsawawa n'kuwiritsa. Kumapeto kwa 1753 ndi pomwe anawalemba ntchito ya ukalaliki wokopera mu laibulale ya Brühl ija, malipiro ake matala 100 (thaler, ndalama ya kumeneko nthawi imeneyo) pa chaka, ndalama yoti munthu sangakhalire. Koma anali pakati pa mabuku tsopano. Mu laibulale momwemo ankabweramo munthu winanso wovala mosauka wofuna mabuku ambirimbiri, Johann Joachim Winckelmann, amene anadzatchuka ku Rome pa nkhani ya zosemasema za Agiriki. Panthawiyo palibe mwa awiriwo amene anali ndi dzina.

Ali kalaliki chomwecho anasindikiza ndakatulo za Tibullus, mlakatuli wakale wachilatini, mu 1755 ndi kabuku ka Epictetus, woganiza mozama wakale wachigiriki, mu 1756, zonse ndi ndemanga zawo. Anachita izi kwenikweni pofuna ndalama. Chaka chomwecho cha 1756 nkhondo ya zaka 7 inabuka, asilikali a Prussia, ufumu wina wachijeremani, analowa mu Saxony, Brühl anathawa, malipiro anaima. Anayamba kuphunzitsa mwana wa banja lina lolemera kuti apeze chakudya, ndipo m'nyumba imeneyo ndi momwe anakumana ndi Therese Weiss amene anadzamanga naye banja mu 1761. Koma mu July 1760 mizinga ya Prussia inaphwanya Dresden ndipo katundu wawo yense anapsa, kuphatikizapo mapepala a buku la Lucian, mlembi wakale wachigiriki, limene anali atatsala pang'ono kumaliza. Nthawi imeneyo kulibe fotokope, kulibe fulashi, chapsa chapsa basi. Munthu wa zaka 30, maphunziro onse aja, alibe ntchito yokhazikika, alibe ngakhale pepala limodzi la zimene analemba.

Kumene zinatembenukira n'kodabwitsa. Yunivesite ya Göttingen, m'chigawo cha Hanover ku Germany, inali yatsopano, inatsegulidwa mu 1737 pansi pa George II, amene anali mfumu ya Britain komanso wolamulira Hanover. Pulofesa wake woyamba wa zilankhulo zakalezi, amenenso anali woyang'anira laibulale, Johann Matthias Gesner, anamwalira mu 1761. Nduna imene inkayang'anira yunivesiteyo, Gerlach Adolph von Münchhausen, inafuna kukatenga David Ruhnken, katswiri wachijeremani wa zilankhulo zomwezi, ku Leiden, ku Netherlands. Ruhnken anakana koma anati bwanji mukufuna munthu kunja pomwe kwanu komweko muli naye, n'kutchula a Heyne, munthu amene sanakumanepo naye, amangomudziwa chifukwa cha timabuku tiwiri tija ta Tibullus ndi Epictetus. Anachita kufufuza kuti munthuyu ali kuti chifukwa anthu samamudziwa. Mu 1763 anafika ku Göttingen ngati pulofesa, posakhalitsa laibulale yonse inali m'manja mwawo, ndipo anakhala pamenepo mpaka imfa, zaka 49.

Tsopano tibwere ku laibulale, komwe kuli mtima wa funso lanu.

Anapeza mabuku pafupifupi 60,000, pomwalira anasiya pafupifupi 200,000. Nambala imeneyi ndi imene imalembedwa m'manotsi ndipo ndi yaikuludi pa nthawi imeneyo, koma ine nambala siimene imandigwira mtima, chifukwa mafumu ena analinso ndi milu ya mabuku yongodzionetsera. Chimene chinali chachilendo ndi kagulidwe kake. A Heyne samagula buku chifukwa chikuto chake n'chokongola kapena chifukwa n'losowa, amagula buku limene likupititsa patsogolo chidziwitso, ndipo osati la phunziro lawo lokha ayi, la zamankhwala, malamulo, masamu, mbiri, zomera, maulendo a anthu ofufuza maiko, zonse. Amakhala pansi iwo eni kuwerenga makatalogi a ogulitsa mabuku ndi a okushoni, kulemba makalata kwa ogulitsa a m'maiko osiyanasiyana, kuona kuti m'phunziro lakuti mukusowa chiyani. Boma la Hanover limapereka ndalama chaka ndi chaka, zimenezinso tisazinyoze, laibulale yopanda ndalama yodalirika ngakhale bwana wake atakhala wanzeru chotani siingakule. Ndipo poti mfumu ya Hanover inali yomweyo ya ku London, mabuku achingerezi amabwera mosavuta kudzera mwa akuluakulu a boma, n'chifukwa chake mpaka lero Göttingen ili ndi mabuku ambiri achingerezi a zaka za m'ma 1700. Kuchokera ku St Petersburg nako, dokotala wina amene anaphunzira ku Göttingen, Baron Georg Thomas von Asch, anakhala akutumiza mabokosi a mabuku, mamapu ndi zolemba pamanja za ku Russia ndi ku Asia kwa zaka zoposa 30, ndipo amene amalemberana naye makalata n'kumasunga ubalewo anali a Heyne.

Panalinso kanzeru kena apa. Kuyambira 1770 iwo anali mlembi wa bungwe la asayansi la ku Göttingen komanso mkonzi wa magazini ya ndemanga za mabuku yotchedwa Göttingische Gelehrte Anzeigen. Ndiye buku latsopano likafika mu laibulale amalipereka kwa pulofesa wodziwa phunzirolo kuti alembe ndemanga, ndemangayo ituluke m'magazini, anthu ophunzira ku Ulaya konse adziwe kuti kwatuluka zakuti ndipo zili ku Göttingen, bukulo libwerere pashelefu. Iwo okha analemba ndemanga zoposa 7,000. Tangoganizani, munthu amene wawerenga n'kulembapo maganizo ake pa mabuku ochuluka choncho, mungamunamize kuti buku ili ndi lofunika pomwe ndi lachabechabe?

Chachiwiri ndi katalogi, ndipo apa inu a za malaibulale ndi pomwe muyenera kuwavulira chipewa. Mabuku 200,000 opanda njira yowapezera ndi katundu chabe. Ku Göttingen kunali mabuku olembamo amitundu itatu olumikizana. Lina lolemba buku lililonse tsiku limene lafika, lachokera kuti, lagulidwa zingati. Lina losanja mabuku potengera phunziro, ndipo kasanjidwe kameneka ndi kamene kamatsatidwa pamashelefu, moti munthu wofuna za mbiri ya dziko lakuti amapeza onse ali pamodzi. Lachitatu la maina a alembi motsatira alifabeti, limene analilemba kuyambira 1776 mpaka 1790, zaka 14, pamanja, m'mabuku akuluakulu osiya malo oti adzawonjezere. Ukapeza dzina la mlembi, limakulozera tsamba la katalogi ya maphunziro, tsambalo limakulozera pashelefu. Lero mumangotayipa pakompyuta masekondi awiri zatuluka, koma ganizo loti buku lililonse likhale ndi adiresi yake ndipo lipezeke kudzera njira zingapo ndi lomwelo. Sanagwire okha ntchitoyi, anali ndi owathandiza, mmodzi mwa iwo Jeremias David Reuss amene anadzakhala mkamwini wawo n'kudzayendetsanso laibulaleyo iwo atapita.

Chachitatu, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, anatsegula zitseko. Laibulale imatsegulidwa masiku onse a ntchito. Ophunzira wamba, osati mapulofesa okha, amaloledwa kubwereka mabuku kupita nawo kuchipinda kwawo bola pulofesa awasainire. Anthu ophunzira okhala m'mizinda ina amatumiziridwa mabuku. Lero tingaone ngati n'zazing'ono koma nthawi imeneyo woyang'anira laibulale ambiri amaona wowerenga ngati mdani wa buku. Ine sindikayika kuti mnyamata uja wokopera mabuku a anzake ku Chemnitz ndi amene amapanga malamulo amenewa. Anayang'aniranso ndondomeko ya chakudya chaulere cha ophunzira osauka payunivesitepo, ndiye mukuona kuti njala ya ku Leipzig ija sanaiiwale. Goethe, mlembi wotchuka wa ku Germany, atacheza ku laibulaleyi mu 1801 analemba kuti munthu umamva ngati waima pamaso pa mpamba waukulu umene ukubereka chiwongoladzanja chosawerengeka mwakachetechete.

Mwina mukuti nanga Chigiriki ndi Chilatini chija chikulowa pati. Chikulowa apa: kaphunzitsidwe kawo kamafuna laibulale yotere. Iwo asanabwere ambiri amaphunzitsa alembi akalewa ngati nkhokwe ya galamala, kuloweza mawu ndi kutsanzira ziganizo basi. A Heyne amati kuti umve alakatuli akale monga Virgil wachilatini kapena Homer wachigiriki uyenera kudziwa dziko limene amakhalamo, chipembedzo chawo, malamulo, ulimi, ndalama zawo, mapu a malo awo, ziboliboli zawo. Kuyambira 1767 anayamba kuphunzitsa za zosemasema ndi zofukulidwa zakale ngati phunziro la payunivesite, n'kumasonkhanitsa zifaniziro za pulasitala za ziboliboli zotchuka zimene zimaima mu laibulale momwemo pakati pa mabuku kuti ophunzira aziona ndi maso. Virgil wawo anatuluka m'mavoliyumu 4 pakati pa 1767 ndi 1775 ndipo anagwiritsidwa ntchito m'masukulu kwa zaka zambirimbiri, ku England komwe. Ndakatulo zachigiriki za Pindar zinatuluka mu 1773, Iliad ya Homer mu 1802 m'mavoliyumu 8. Munthu wophunzitsa motere tsiku lililonse amafuna buku la phunziro lina, ndiye amadziwa ndi thupi lake kuti laibulale yamphamvu mbali imodzi yokha siithandiza. M'semina yawo ndi m'makalasi mwawo munadutsa anthu ngati Wilhelm von Humboldt, amene anadzayambitsa yunivesite ya Berlin mu 1810, komanso mlembi August Wilhelm Schlegel.

Mbali ina imene ingatikhudze ife ndi ya nthano. Anthu ambiri ophunzira a nthawi yawo amaona nthano za milungu ya Agiriki ngati mabodza a olemba ndakatulo kapena zachikunja zopanda pake. A Heyne anali mmodzi mwa oyamba kunena kuti ayi, nthano ndi njira imene anthu osalemba amasungira mbiri yawo ndi kufotokozera chilengedwe, ndiye ziyenera kuphunziridwa mwaulemu, ndipo amafanizira Agiriki oyambirira ndi zimene apaulendo amalemba za eni nthaka a ku America. Aliyense amene anakhalapo pansi kumvetsera za Kaphirintiwa kapena za Mbona akudziwa kuti apa ananena zoona. Koma ndisakubisireni, amazitcha maganizo a ubwana wa mtundu wa anthu, ndipo kalankhulidwe kameneko kali ndi kudzikweza kumene ife tinadzakumana nako pa nthawi ya atsamunda. Mashelefu omwewo a mabuku a maulendo anadyetsanso Christoph Meiners, pulofesa wa pa Göttingen pomwepo amene analemba zonyoza kwambiri anthu akuda. Pomwe Johann Friedrich Blumenbach, amene anakwatira nyumba imodzi ndi a Heyne pa banja lawo lachiwiri, ngakhale ndi amene anagawa anthu m'magulu asanu, amasonkhanitsa mabuku olembedwa ndi anthu akuda pofuna kusonyeza kuti nzeru n'zofanana. Onsewa amabwereka mu laibulale imodzi.

Komanso sanali munthu wophweka. Maudindo onse aja anawapatsa mphamvu zambiri payunivesite ndipo samakonda kutsutsidwa. Mu 1777 kunabwera mnyamata wa zaka 18, Friedrich August Wolf, wokakamira kuti alembedwe ngati wophunzira wa zilankhulo zakale basi osati zaubusa monga amachitira ena, ndipo a Heyne anamulandira mozizira, mpaka kumukaniza kulowa m'kalasi lawo lina. Wolf anadzakhala pulofesa ku Halle ndipo mu 1795 anatulutsa buku lake lotchuka lonena kuti ndakatulo za Homer sizinalembedwe ndi munthu mmodzi, zinayamba ngati nyimbo zapakamwa zimene zinadzasonkhanitsidwa pambuyo pake. A Heyne polemba ndemanga anaonetsa ngati zimenezi iwo amaphunzitsa kale m'kalasi. Wolf anapsa mtima koopsa, mu 1797 anasindikiza makalata owadzudzula poyera. Wophunzira wawo winanso, Johann Heinrich Voss, naye anasanduka mdani, ndipo Iliad ija itatuluka anaikhadzula m'magazini ya ku Jena mu 1803, bambowa ali ndi zaka zoposa 70. Kuweruza kwanga n'kwakuti mbali zonse zinali ndi mlandu. N'zoona kuti a Heyne anali ataganizapo za nkhaniyi kale, koma amene anaikonza bwino n'kuiikira umboni ndi Wolf, ndipo mphunzitsi wamkulu amayenera kungoyamikira mwana wake. Pa luso lofananiza zolemba zakale kuti upeze mawu enieni a mlembi, akatswiri amavomereza kuti Wolf ndi katswiri wina, Gottfried Hermann, anawaposa. Munthu wogwira ntchito zisanu nthawi imodzi penapake amathamanga, ndipo m'mabuku awo zimaoneka.

Zaka zawo zomaliza zinali za nkhondo kachiwiri. Asilikali a France analanda Hanover mu 1803, ndipo mu 1807 Göttingen inaikidwa mu ufumu wa Westphalia pansi pa Jérôme, mng'ono wake wa Napoleon. Mayunivesite ena a mu ufumuwo, monga Helmstedt ndi Rinteln, anatsekedwa. Nkhalambayi, imene inaonapo moto wa ku Dresden, inagwiritsa ntchito dzina lake ndi makalata kuteteza yunivesite ndi mabuku ake, ndipo Göttingen inapulumuka. Mabuku anali atachuluka moti mu 1812 holo ya tchalitchi chakale cha Paulinerkirche inasandutsidwa malo a mashelefu. Anamwalira chaka chomwecho pa 14 July ndi sitiroko, ali ndi zaka 82, akadali pantchito. Mbiri ya moyo wawo inalembedwa ndi mkamwini wawo wina, Arnold Heeren, mu 1813, ndipo zambiri za ubwana wawo timazidziwa kudzera mmenemo. Mwana wawo Therese Huber anadzakhala mlembi ndi mkonzi wa nyuzipepala wodziwika ku Germany.

Za zimene anasiya, tsatirani anthu amene anakaona n'kukatengera. Patangopita zaka zochepa chimwalirireni, anyamata a ku America monga George Ticknor, Edward Everett ndi Joseph Cogswell anakaphunzira ku Göttingen ndipo anabwerera kwawo akudandaula kuti laibulale ya Harvard ndi yaing'ono zedi poyerekeza ndi imene anaiona. Cogswell anadzayang'anira laibulale ya Harvard, kenako n'kuthandiza kukhazikitsa Astor Library ku New York, imene inadzakhala gawo la New York Public Library. Ku Germany komweko malaibulale ambiri anatengera kasanjidwe ka Göttingen.

Pomaliza munafunsanso ngati lero zingatheke pulofesa kuyendetsa laibulale chonchi. Ine ndingati ayi, ndipo chifukwa chake ndi ntchito ya a Heyne yomweyo. Atasonyeza kuti laibulale imafuna kugula kwa dongosolo, katalogi yolondola ndi kutumikira owerenga tsiku ndi tsiku, zinaonekeratu kuti imeneyi si ntchito yogwira masana ukaweruka kukalasi, ndipo si aliyense angagone maola ochepa ngati iwo. Ndiye m'zaka za m'ma 1800 inayamba kuima payokha. Mu 1886 Göttingen yomweyo inakhazikitsa mpando wa upulofesa wa maphunziro a za malaibulale, woyamba ku Germany, ndipo anaukhala ndi Karl Dziatzko, mkulu wa laibulaleyo, amenenso anali katswiri wa masewero achilatini a Terence. Chaka chotsatira, 1887, Melvil Dewey anatsegula sukulu yake ya za malaibulale ku Columbia ku New York, ndipo mu 1893 boma la Prussia linakhazikitsa lamulo la maphunziro ndi mayeso amene munthu ayenera kukhoza asanalembedwe ntchito ya ukatswiri mu laibulale ya payunivesite. Kosi imene mukuchitayo, achemwali, inachokera mumzere umenewo.